Laisensi ya ku Malawi kapena ku Zambia: ndi liti pamene iyenera kusinthidwa kukhala carta ya Moçambique?

Ku Mualadzi, m'boma la Chifunde, mnyamata akafuna kuphunzira kuyendetsa galimoto kawirikawiri sayang'ana kumwera kumene kuli mzinda wa Tete. Amayang'ana ku Lilongwe kapena ku Chipata. Mizinda iwiriyi ili pafupi kuposa likulu la chigawo, mphunzitsi wa kumeneko amalankhula chilankhulo chomwechi, ndipo mabanja ambiri ali ndi m'bale tsidya linalo woti n'kufikirako. N'chifukwa chake m'matumba mwa madalaivala ambiri a m'derali, amene amanyamula fodya, chimanga ndi anthu, muli laisensi ya ku Malawi kapena ya ku Zambia. Ena anabwera nayo kuchokera ku Joni kapena ku Zimbabwe atatha zaka akugwira ntchito kumeneko.

M'misewu yafumbi ya kumudzi palibe amene amafunsa. Funso limabuka galimoto ikatsikira ku Tete wapolisi wa Trânsito n'kukweza dzanja, kapena tsiku limene munthu wapita kukafunsira ntchito yoyendetsa lole ku Moatize, bwana n'kuitembenuza laisensiyo kawiri n'kumubwezera. Pamenepo mkangano umayamba. Ena amati laisensi ya SADC imagwira ntchito paliponse mpaka kalekale. Ena amati munthu akangowoloka malire imasanduka pepala wamba. Mbali zonse ziwiri zikuphonya, chifukwa yankho lagona pa funso limodzi: kodi mwini laisensiyo ndi mlendo wodutsa, kapena wakhazikika m'dziko muno?

Chimene mayiko anagwirizana

Mu 1996 atsogoleri a mayiko a SADC anasaina ku Maseru, m'dziko la Lesotho, pangano la za mtengatenga, kulumikizana ndi zanyengo. Mwa zina anagwirizana kuti ziphaso zoyendetsera galimoto zikhale zofanana m'maonekedwe ndi m'magulu ake, ndiponso kuti dziko lililonse lizivomereza chiphaso choperekedwa ndi linzake. Moçambique, Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa onse ali m'bungweli. Ndiye chifukwa chake khadi la ku Lilongwe ndi carta ya ku Maputo zikaikidwa pa tebulo limodzi zimaoneka ngati za mimba imodzi, zilembo zake zomwezo: A, B, C1, C. Ngakhale khadi la ku South Africa, dziko losalankhula Chipwitikizi, lili ndi mawu akuti Carta de Condução pamwamba pake.

Panganoli linkaganizira munthu wa paulendo. Dalaivala wa lole wonyamuka ku Beira ndi mafuta kapena feteleza, wodutsa pa Zóbuè kupita ku Blantyre kapena pa Cassacatiza kupita ku Katete, sangamatenge chiphaso chatsopano pa malire alionse. Chimodzimodzinso munthu wa ku Chadiza wobwera kudzagula chimanga, kapena wa ku Mchinji wobwera kumaliro a malume ake ku Mualadzi. Anthu otere laisensi yakwawo imawakwanira, bola ikhale yeniyeni osati fotokope, ikhale yosatha nthawi, ndipo gulu lolembedwapo ligwirizane ndi galimoto imene akuyendetsa.

Zinthu zimasintha munthu akasiya kukhala mlendo. Lamulo la pamsewu la dziko lino, Código da Estrada, limene linakhazikitsidwa ndi Decreto-Lei nambala 1/2011, limazindikira ziphaso za kunja, koma kwa munthu amene wamanga nyumba yake muno njira imene ilipo ndi troca, kutanthauza kusinthanitsa laisensi yakunjayo ndi carta de condução ya Moçambique. Izi zikukhudza magulu awiri. Loyamba ndi nzika za Moçambique zimene zinakhala kunja n'kubwerera. Lachiwiri ndi anthu a mayiko ena amene akhazikika muno ndipo ali ndi DIRE, chikalata chokhalira m'dziko chimene chimaperekedwa ndi a Migração. Mkamwini wochokera ku Malawi amene wapatsidwa munda kwa apongozi ake ku Mualadzi, ana n'kubadwira pomwepo, sangapitirize kudzitchula wodutsa.

M'dera la m'malire gulu loyambalo ndi lalikulu, ndipo chifukwa chake aliyense amachidziwa. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ena ku Zambia, kuphatikizapo ku Ukwimi m'dera la Petauke. Ana ambiri anabadwira kumeneko, anaphunzira kumeneko, ena anatsalira makolo atabwerera ndipo akubwera tsopano ali akuluakulu. Ambiri mwa iwo ali ndi mapepala a mayiko awiri. Koma Malamulo aakulu a dziko lino a 2004 amanena kuti munthu amene ndi nzika ya Moçambique amatengedwa ngati nzika ya Moçambique basi akakhala m'dziko muno, unzika wina uliwonse suwerengedwa. Choncho wokhala ku Chifunde amene watulutsa BI kudzanja lamanja ndi laisensi ya ku Malawi kudzanja lamanzere sangadandaule wapolisi akamufunsa kuti kwenikweni amakhala kuti.

Boma lili ndi chifukwa chake. Dalaivala akapalamula mlandu waukulu pamsewu, kapena khoti likamuletsa kuyendetsa kwa nthawi, zimenezi ziyenera kulembedwa pa dzina lake m'kaundula wa dziko lino. Munthu woyenda ndi chiphaso cha kunja mulibe m'kaundulayo. Palinso phindu kwa mwini wake: laisensi ya ku Malawi ikatha nthawi imakawonjezedwa ku Malawi, ndipo ulendo umenewo umabwerabe zaka zingapo zilizonse.

Ulendo umayambira kumene laisensi inachokera

Bungwe loona za ziphasozi ndi INATRO, Instituto Nacional dos Transportes Rodoviários. Achikulire amalitchulabe INAV, ena INATTER, mayina amene linkadziwika nawo kale. Dzina la INATRO linayamba mu 2021. Nkhani ya troca siithera ku posto, siitheranso ku likulu la boma la Chifunde. Ndi ya ku ofesi ya chigawo ya INATRO mumzinda wa Tete.

Komabe wothamangira ku Tete ali ndi khadi lokha m'manja amabwerera momwe anapitira. Khadi likhoza kusindikizidwa ndi aliyense amene ali ndi makina abwino. Chimene wa pa kauntala amafuna kuona ndi umboni wochokera ku ofesi imene inapereka laisensiyo, wotsimikiza kuti dzinali lilimodi m'kaundula wawo, gulu lake ndi ili, ndipo inaperekedwa tsiku lakuti. M'Chipwitikizi pepalali limatchedwa declaração kapena certificado de autenticidade. Ku Malawi limachokera ku nthambi ya boma ya Road Traffic, dzina lake lonse Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene imasunga madalaivala m'kompyuta ya MalTIS. Ku Zambia ndi RTSA, imene ili ndi ofesi ku Chipata. Ku South Africa ndi RTMC, ku Zimbabwe ndi Central Vehicle Registry ku Harare. Dziko la Malawi lili ndi ofesi ya consulado mumzinda wa Tete, ndipo ndi malo abwino kufunsako ngati pepalalo likufunika chidindo china.

Amene akadali ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Johannesburg ndipo akukonzekera kubwerera kumudzi, pepala limeneli alitengeretu asanamange katundu. Wa ku Mualadzi amene anaiwala akhoza kubwerera ku Chipata tsiku limodzi. Wochokera ku Joni amene anaiwala wagwira njakata, chifukwa mtengo wa basi yobwerera ukhoza kuposa ndalama zonse za troca.

Kalata yotsimikizayo imabwera m'Chingerezi, pamene maofesi a boma muno amagwira ntchito m'Chipwitikizi. Ikafunika kumasuliridwa, womasulira wake akhale wovomerezeka, amene amatchedwa tradutor ajuramentado. Mphunzitsi wa pasukulu, ngakhale adziwe zilankhulo zonse ziwiri bwino lomwe, alibe chidindo chimene ofesi imalandira.

Mapepala otsalawo ndi a muno, ndipo ndi omwewo amene amafunsidwa kwa aliyense wofuna carta: BI kwa nzika kapena DIRE kwa wochokera kunja, atestado médico yosonyeza kuti maso ndi thupi zili bwino, ndi registo criminal yosonyeza mbiri ya munthu ku makhoti. Ndi nzeru kunyamulanso NUIT ndi declaração ya kumene munthu amakhala. Atestado ndi registo criminal zimakhala ndi moyo wa miyezi yochepa, choncho zitengedwe pomalizira, kalata ya kunja ija itafika kale. Ambiri amayamba ndi zosavutazo, kenako zimathera m'thumba akudikira chovutacho. Mitengo ndi mndandanda wa zofunika zimasintha nthawi ndi nthawi. Wa nzeru amatuma m'bale wokhala ku Tete kukafunsa pa kauntala sabata imeneyo asanakwere chapa.

Dzina limodzi, malembedwe awiri

Chimene chimagwetsa anthu a m'malire kwambiri si ndalama ayi, ndi dzina. Chitsanzo chili pa chikwangwani cha dera lomweli: chimene anthu amatchula Mwaladzi boma linalemba Mualadzi. Mlembi wophunzira Chipwitikizi amamva w n'kulemba u, amamva k n'kulemba c kapena qu, ndipo h wa m'mawu ngati kh, ph ndi th nthawi zambiri amamusiya. Motero Mwale amasanduka Muale, Kamwendo amasanduka Camuendo, Chikondi amasanduka Chicondi. Kwa wolankhula chilankhulochi ndi dzina lomwelo. Kwa kompyuta ndi anthu awiri osadziwana.

Sizithera pa malembedwe. Ku Malawi ndi ku Zambia munthu nthawi zambiri amalembetsa dzina lake ndi mfunda, monga Phiri kapena Banda. Kuno ambiri analembedwa dzina lawo, kenako la bambo, kenako la agogo, mfunda osaoneka n'komwe. Dzina la ubatizo nalo limasintha chovala: John kutsidya, João kuno; Peter kutsidya, Pedro kuno. Ndiye pali tsiku lobadwa. Anthu ambiri obadwa nthawi ya nkhondo analembetsedwa atakula kale, makolo akungoyerekeza chaka, ndipo ena anachepetsa zaka kuti alowe sukulu. Munthu mmodzi akhoza kukhala wobadwa mu 1988 pa laisensi ndi wobadwa mu 1990 pa BI, iye mwini osazindikira mpaka tsiku limene mapepala awiriwo akumana pa kauntala imodzi.

Wa pa kauntala sangathe kungokhulupirira nkhope. Iye akuona laisensi ya munthu wina ndi BI ya munthu wina, ndipo akavomera molakwika mlandu udzagwera iye. Kumukalipira sikuthandiza. Chothandiza ndi kuika mapepala onse pa mphasa munthu akadali kunyumba, n'kuwerenga chilembo ndi chilembo, nambala ndi nambala. Ngati kusiyana kuli kwa malembedwe okha, nkhani yake ikafotokozedwe ku Conservatória, ofesi ya registo civil ndi notário, kumene angalangize pepala loyenera kutsimikizira kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Ngati kusiyana kuli kwa chaka chobadwa kapena dzina lonse, mbali imodzi iyenera kukonzedwa ndi ofesi imene inalemba. Zimatenga nthawi, koma palibe njira yachidule. Kufufuta kapena kulemba pamwamba ndi cholembera kumasandutsa pepala labwino kukhala lachinyengo.

Gulu lake silikula chifukwa chowoloka malire

Troca imapereka chimene munthu anali nacho kale, osapitirira. Amene ali ndi B, ya galimoto zosapitirira makilogalamu 3,500, amalandira B. Amene ali ndi C1, ya malole apakati ofika makilogalamu 16,000, amalandira C1. Kusiyana kumene kulipo ndi kwa kalembedwe: galimoto yokoka ngolo imene ku Malawi ndi ku South Africa amalemba EB, EC1 ndi EC, kuno amalemba BE, C1E ndi CE. Obwera kuchokera ku Joni amakonda kunena Code 8, Code 10 ndi Code 14, mayina akale amene anthu sanawasiye. Chofunika ndi chilembo chimene chili pa khadi. Ku Zimbabwe kwa zaka zambiri laisensi inali kachitsulo kokhala ndi manambala, Class 4 ya galimoto zazing'ono ndi Class 2 ya malole, ndipo khadi lofanana ndi la SADC linayamba kuperekedwa mu 2023. Wa kachitsulo ndiye amene amafunika kwambiri kalata yotsimikiza yofotokoza bwino gulu lake.

Nkhani ina ndi ya oyendetsa mwa ntchito. Kukhala ndi B kapena C1 sikupereka chilolezo chonyamula anthu olipira kapena katundu wa malonda. Pamwamba pa gulu pamafunika chilembo china: P ya anthu, imene kuno ambiri amati serviços públicos, G ya katundu, ndi D ya katundu woopsa monga mafuta. Ku Malawi ndi ku South Africa chilolezochi amachitcha PrDP, ku Zambia amati PSV. Chimakhala ndi nthawi yakeyake, yofupikirapo kuposa ya laisensi, ndipo zaka zofunika ndi zambiri: galimoto wamba munthu amayamba ali ndi zaka 18, koma kunyamula anthu n'kuyambira 21. Wofuna kuyendetsa chapa kapena lole ya kampani anene zimenezi poyambirira penipeni popereka mapepala. Zimachitika kuti munthu walandira carta ali wokondwa, n'kupeza kuti chilembo chimene chimamudyetsa palibe.

Ndiye pali mota, zimene ku Mualadzi ndi zambiri kuposa galimoto. Laisensi ya galimoto siiloleza njinga yamoto. Njinga yosapitirira 125cc imafuna A1, imene munthu angatenge ali ndi zaka 16, ndipo yokulirapo imafuna A. Mnyamata amene ankachita kabaza ku Lilongwe ali ndi A1 kapena A yeniyeni akhoza kuisintha monga wina aliyense. Amene ankangoyenda popanda kalikonse alibe choti asinthe. Njira yake ndi ya ku sukulu yoyendetsa.

Pali mapepala atatu amene anthu amabwera nawo poganiza kuti ndi laisensi. Loyamba ndi chilolezo chophunzirira, chija munthu amayenda nacho ataika chilembo L pa galimoto. Chimenecho ndi umboni woti mayeso sanathe. Lachiwiri ndi kabuku ka International Driving Permit, kamene ntchito yake ndi kumasulira laisensi kwa apolisi a mayiko ena ndipo pakokha sikasinthidwa. Lachitatu ndi laisensi yeniyeni koma yotha nthawi. Iyi ndiye yomvetsa chisoni, chifukwa mwini wake anakhozadi mayeso. Ofesi ya kuno siingaiukitse. Iyenera kukawonjezedwa kumene inachokera, kenako n'kubwera nayo.

Chifukwa chake nkhani ya tsiku lothera siyofunika kuichedwetsa ndi ichi. Ubwino waukulu wa troca ndi woti munthu sabwereranso ku sukulu. Zikalephereka, kapena ofesi ikakhala ndi chikayiko pa laisensiyo, chotsala ndi mayeso, ndipo mayeso a malamulo a pamsewu muno amalembedwa m'Chipwitikizi. Dalaivala amene anaphunzira sukulu ku Mchinji kapena ku Vubwi, wodziwa Chichewa ndi Chingerezi, akhoza kukhala ndi zaka 15 pa chiwongolero popanda ngozi, koma n'kulephera funso la ultrapassagem kapena cedência de passagem chifukwa cha mawu okha. Kuwonjezera apo sukulu zoyendetsa zili kutali ndi Mualadzi, kutanthauza lendi ndi chakudya cha masabata ambiri m'tauni.

Laisensi ya pawindo

Pali anthu ena amene amaopa troca, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Kunja kwa maofesi a ziphaso m'mayiko onsewa kumayendayenda anthu amene ku Malawi amawatcha madobadoba, olonjeza laisensi popanda mayeso, sabata imodzi yokha. Ena mwa iwo amapereka khadi looneka bwino lomwe koma losalembedwa m'kompyuta ina iliyonse. Mwini wake amayenda nalo zaka, apolisi a pamsewu akuliyang'ana n'kumubwezera, mpaka amaiwala momwe analipezera. Tsiku lopempha kalata yotsimikiza ndi limene zonse zimaululika, pamene wa pa kompyuta akuti nambala imeneyi palibe, kapena ndi ya mayi wina wa ku Mzuzu.

Munthu wotere asayese n'komwe kupereka khadilo ku INATRO. Kugwiritsa ntchito chikalata chabodza ndi mlandu wa kukhoti, woposa multa ya pamsewu kutalitali. Ndalama zimene anapereka zija zinapita. Chotsala ndi kuyamba mwatsopano. Ndipo madobadoba sali kutsidya kokha. Wina akabwera n'kunena kuti ali ndi m'bale m'kati, mapepala asavutike nawo, angopereka refresco, akugulitsa vuto lomwelo m'chilankhulo china. Ndalama iliyonse ya boma imakhala ndi risiti yokhala ndi dzina la wolipira. Carta ya masiku ano imafunanso chithunzi, siginecha ndi zidindo za zala zojambulidwa pa makina a ofesi, choncho carta imene yabwera mwini wake osaponda mu ofesimo yadzinenera yokha chimene ili.

Mapepala akalandiridwa

Mawu akuti troca asaiwalike tanthauzo lake. Ndi kusinthanitsa, choncho munthu apite atakonzeka kusiya laisensi yakale mu ofesi. Asanaipereke aijambulitse mbali zonse ziwiri, fotokopeyo akaidinditse kwa notário, n'kuisunga pamodzi ndi kalata yotsimikiza ndi malisiti. Tsiku lina mapepala akadzasokonekera, kapena akadzafuna kusonyeza bwana kuti wakhala akuyendetsa kuyambira chaka chakuti, umboni wake udzakhala womwewo.

Khadi silituluka tsiku lomwelo. Podikira, munthu amapatsidwa carta yongoyembekezera, ya pepala, yokhala ndi tsiku lothera. M'dziko muno amayenda nayo popanda vuto. Kwa wa ku Mualadzi, amene msika wake, chipatala chake ndi abale ake zili mbali zonse za malire, pali chinthu choti aganizire: wapolisi wa ku Chanida kapena wa ku Mchinji anazolowera khadi, ndipo pepala la Chipwitikizi akhoza kulikayikira. Amene ali ndi ulendo wofunika wa kutsidya ayambe wapita, troca ibwere pambuyo. Pepalalo likayandikira kutha khadi lisanafike, abwerere ku ofesi lisanathe, asadikire kuti wapolisi ndiye amukumbutse.

Ena amati bola kumangolipira multa akagwidwa, n'kotchipa kuposa ulendo wa ku Tete. Kuwerengera kumeneku kumaoneka kwanzeru mpaka tsiku la ngozi. Galimoto ikagunda munthu kapena ikagubuduka ndi mabelo a fodya a alimi khumi, chinthu choyamba chimene apolisi, khoti ndi kampani ya seguro amayang'ana ndi chakuti woyendetsayo anali ndi chilolezo choyenera galimoto imeneyo, pa ntchito imeneyo, tsiku limenelo. Pakapezeka mpata, kampani ikhoza kukana kulipira, kapena kulipira wovulalayo kenako n'kudzafuna ndalamazo kwa dalaivala ndi mwini galimoto. Pamenepo ng'ombe ndi malata a nyumba ndi zimene zimagulitsidwa. N'chifukwa chakenso makampani akuluakulu a mtengatenga ndi a migodi salola kukambirana pa nkhani ya mapepala a dalaivala, ndipo mwini galimoto wa kumudzi amene amapereka makiyi kwa mphwake osaona chiphaso chake akudziika pa mlandu womwewo.

Carta yatsopano siisintha kayendetsedwe kwambiri, poti mayiko onse asanuwa amayenda kumanzere ndipo zikwangwani zambiri n'zofanana. Komabe wobwera kumene adziwe kuti muno galimoto yaing'ono siiyenera kupitirira makilomita 60 pa ola m'kati mwa tauni kapena mudzi wokhala ndi chikwangwani, ndipo m'galimoto muyenera kukhala ma triângulo awiri ndi colete yowala, pamodzi ndi livrete, título de propriedade, seguro ndi pepala la inspecção. Galimoto ya nambala ya ku Malawi kapena ku Zambia ili ndi nkhani yakeyake ku Alfândega. Kusintha carta ya dalaivala sikusintha mapepala a galimoto.

Msewu womwewu umayendanso chobwerera. Wa ku Chifunde amene ali ndi carta ya Moçambique akapita kukacheza ku Malawi, ku Zambia kapena ku South Africa amayenda nayo. Akakhazikika kumeneko adzafunsidwa zomwezo motembenuza: kalata yotsimikiza yochokera ku INATRO, yomasuliridwa m'Chingerezi, ndi dzina logwirizana ndi mapepala ake okhalira m'dzikolo.

Chotsala ndi nyengo. Kuchokera ku Mualadzi kupita ku Tete ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo mvula ikalimba pakati pa Disembala ndi Malichi misewu yadothi imatha kutsekeka masiku angapo. Troca siimatha ulendo umodzi: pali kupereka mapepala ndi kujambulitsa, kenako kukatenga khadi, ndipo pakapezeka cholakwika pamawonjezeka wachitatu. Miyezi yabwino ndi ya chilimwe, fodya ndi chimanga zitagulitsidwa, msewu uli wouma ndipo ndalama ya thiransipoti ndi malo ogona ilipo. Amene laisensi yake ikutha kumayambiriro kwa chaka chamawa, kalata yotsimikiza akaipemphe mwezi uno.